Kusaka nyumba mu Lilongwe uli ndi mfuti ya chilolezo

Kalata yondisamutsa kuchoka ku Kasungu inandipeza kumayambiriro kwa mwezi wa Marichi, msika wa fodya utatsala pang'ono kutsegulidwa, ndipo inandipatsa masabata asanu ndi limodzi okha kuti ndikhale nditayamba ntchito ku Kanengo. Aliyense amene anasamukapo chifukwa cha ntchito amawadziwa mafunso amene amabwera m'mutu nthawi yomweyo: lendi ikhala ndalama zingati, ana akalowa sukulu iti, madzi amatuluka kangati pa sabata, ndiponso pakhala maminibasi angati kuti munthu akafike kuntchito. Ine ndinali ndi funso lina lowonjezera limene sindikanatha kufunsa pagulu, chifukwa m'nyumba mwanga muli mfuti ya chifefe imene anandisiyira malemu bambo anga.

Bambo ankalima chimanga ndi mtedza kumadzulo kwa boma la Kasungu, kufupi ndi malire a nkhalango yosungirako nyama, kumene nguluwe zimatha kumaliza munda usiku umodzi ndipo anyani salola mlimi kupuma masana. Mfutiyo anaigula mwalamulo chifukwa cha vuto limenelo. Atamwalira mu 2014, akubanja anagwirizana kuti ndiisunge ine monga mwana woyamba, ndipo ndinayenda njira yonse ya kupolisi mpaka inalembedwa m'dzina langa. Chaka chilichonse ndimakonzetsa laisensi yake. Sindisaka nyama, pakuti kusaka kumafuna chilolezo china cha ku dipatimenti yoona za nkhalango zosungirako nyama, ndipo kuyambira pamene lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, milandu ikuluikulu imatha kumupezetsa munthu zaka 30 za kundende.

Mphwanga amene amakhala ku Texas atamva za kusamuka kwanga, anandiuza pa foni kuti: "Achimwene, fufuzani kaye dera limene anthu ake sadana ndi mfuti." Ndinamvetsa chimene ankatanthauza, chifukwa kumene iye ali funso limeneli ndi lenileni. Ku America ufulu wokhala ndi mfuti unalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1791, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake, moti munthu wosamuka ku Texas kupita ku California amayenera kuphunzira zonse mwatsopano. Kwathu kuno zinthu sizili choncho. Lamulo la mfuti la mu 1967 ndi limodzi kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, kaundula wake ali m'manja mwa apolisi amene likulu lawo lili ku Area 30, ndipo kukhala ndi mfuti ndi chilolezo chimene boma limapereka ndiponso lingathe kulanda. Munthu wa ku Area 10 ndi munthu wa ku Mtandire amayankha mafunso omwewo. Choncho dera lokomera eni mfuti mu Lilongwe mulibe, ndipo chimene ndinayenera kusaka ndi nyumba imene mfuti ingatsekeredwe bwino, ya mwini wake wovomereza, pamalo pamene sipadzakhala chifukwa choitulutsira.

Mzindawu ndinkaudziwa ngati mlendo wobwera m'mawa n'kubwerera madzulo, ndipo manambala a madera ake anandisokoneza. Area 25 ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo, pamene Area 23 ndi Area 24 zili kutsidya lina la mzinda, kotero munthu sangasankhe nyumba poyang'ana nambala. Ndinapeza mnyamata wina mwa aja amapezera anthu nyumba za lendi, ndipo ndinamuuza zofuna zanga popanda kutchula chifukwa chake: nyumba yoima payokha, ya mpanda, ya silin'i, ya njerwa zootcha zomangidwa ndi simenti. Iye anaganiza kuti ndine munthu wokonda zapamwamba, ndipo ndinamusiya aganize choncho.

Nyumba yoyamba inali ku Area 25, ndipo mtengo wake unali wabwino kwambiri moti mayi akunyumba anaikonda atangoona zithunzi. Titafika tinapeza kuti papuloti pamenepo pamakhala mabanja atatu omwera mpope umodzi, ndipo ana osachepera khumi ankalowa ndi kutuluka m'nyumba zonse zitatu ngati za kwawo. Umenewo ndi moyo wabwino umene inenso ndinakuliramo, ndipo mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe ndimawakhulupirira. Koma chifukwa cha mawu omwewo sindikanabweretsa mfuti pamalo amene mwana wa mnzanga angalowe kuchipinda kwanga pofunafuna mpira. Nditalowa kuchipinda chachikulu ndinayang'ana kumwamba n'kuona kuti khoma logawa nyumbayo ndi ya aneba silinafike kumalata, ndipo munthu wamkulu akanatha kudutsa pampatapo. Ndinagogoda khomalo ndi kiyi wa galimoto, pulasitala inagwa pang'ono, ndipo mkati munaoneka zidina zomangidwa ndi dothi. Bokosi langa lachitsulo losungiramo mfuti limafuna mabauti anayi olowa m'khoma, ndipo m'khoma lotere munthu akhoza kulizula ndi manja.

Ku Area 47 tinaona nyumba yokhala ndi zonse zimene ndinkafuna, koma lendi yake ikanadya kupitirira theka la malipiro anga, ndipo ankafuna ya miyezi itatu nthawi imodzi. Sitinakhalitseko.

Kumene ndinaphunzira zambiri kunali ku Area 49, kwa mayi wina wamasiye wachikulire amene ankabwereketsa nyumba yaikulu iye n'kumakhala m'kanyumba ka kuseri. Nyumbayo inali yolimba, mawindo anali ndi zitsulo, ndipo m'bwalo munali mtengo wa mapeyala umene ana anga anauthamangira. Tinagwirizana mtengo, ndipo atatikonzera tiyi ndinapempha mnyamata uja kuti atidikire kunja kwa geti. Kenako ndinatulutsa mapepala anga n'kunena kuti: "Mayi, pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kukuuzani tisanalemberane. Ndili ndi mfuti ya malemu bambo anga, ili ndi chilolezo cha boma, ndipo imakhala yotsekeredwa m'bokosi lachitsulo."

Mayiwo anaika kapu pansi ndipo anakhala chete kwa nthawi yaitali. Mapepalawo anawalandira ndi manja awiri, anawayang'ana bwinobwino, n'kundibwezera. Atayamba kulankhula sanalankhule za ine. Anandifotokozera za Disembala wa 1993, pamene asilikali a nkhondo ankalanda zida kwa apayoniya (gulu la Malawi Young Pioneers) pa zimene zinatchedwa Operation Bwezani, iwo ali mayi wachitsikana ku Kawale. Anati mfuti zitayamba kulira mumzinda anagona pansi pa bedi ndi mwana wa miyezi inayi, atamutseka pakamwa ndi bere kuti asalire, ndipo amuna awo amene anapita kuntchito m'mawa anabwera mawa lake. Anafotokozanso za zaka zotsatira, nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, pamene mfuti za AK-47 zinkadutsa malire n'kugwera m'manja mwa achifwamba, ndipo anthu ankagona akumvetsera kugunda kulikonse pa geti. Pomaliza anati: "Bambo, ndikuona kuti ndinu munthu wachilungamo, chifukwa mukanatha kundibisira. Koma ine sindingagone tulo ndikudziwa kuti pamalo panga pali mfuti. Ndipo ndikufunseni, kuno kulibe nguluwe, mfutiyo idzagwira ntchito yanji?"

Ndinalibe yankho limene likanawakhutiritsa, ndipo sindinayese kuwanyengerera. Nyumba ndi yawo, ndipo mantha awo ali ndi chiyambi chimene sindingachitsutse. Pobwerera m'galimoto mayi akunyumba anali okhumudwa, chifukwa pa nyumba zonse zimene tinaona imeneyi ndiyo inawafika pamtima.

Madzulo ake alamu anga, kumene tinkagona masiku amenewo, anandidzudzula kuti ndinadziphera ndekha mwayi. Iwo anati palibe chondikakamiza kuulula katundu wa m'nyumba mwanga kwa landilodi, ndipo ndikanangolowa, n'kukhoma bokosi langa usiku, nkhani n'kutha. Sindinagwirizane nawo. Kuboola khoma la munthu mabowo anayi akuya iye osadziwa chifukwa chake ndi chiyambi choipa cha ubale umene ungatenge zaka, ndipo tsiku limene nyumbayo ingathyoledwe kapena kupsa, mwini wake akanamva nkhaniyi kwa apolisi m'malo momva kwa ine. Mnzawo wina amene analipo anali ndi maganizo otsutsana ndi amenewo. Iye anati ndingolola kuti dera lonse lidziwe, chifukwa akuba amaopa nyumba ya mfuti. Maganizo amenewa ndi amene ndimawaopa kwambiri. Wakuba wofuna wailesi ya kanema akaipeza amapita, koma pali ena amene chimene akufuna ndi mfutiyo, ndipo amadikira tsiku limene mwini wake wapita kumaliro. Mfuti yobedwa imakapweteka munthu wosalakwa kwinakwake, ndipo nambala yake imabwerera pakhomo pa amene analembedwa m'kaundula. Ndinatsimikiza kuti oyenera kudziwa ndi apolisi, mwini nyumba ndi mkazi wanga basi.

Sabata yachinayi tinabwereranso ku Area 25, mbali ina, kwa bambo wina mphunzitsi wopuma ntchito amene anamanga nyumba yake pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Chimene chinandikopa ndi kachipinda kakang'ono kosungiramo katundu mkati mwa chipinda chachikulu, kopanda windo, kokhala ndi chitseko chakechake. Nditawauza nkhani yanga sanadabwe, chifukwa iwonso anakulira kumudzi kumene chifefe chinali chida cha mlimi ngati khasu. Anavala magalasi, anawerenga laisensi mzere ndi mzere, anayerekeza dzina ndi la pa chitupa changa cha unzika, ndipo anaika mfundo zitatu zimene tinazilemba pa pepala la mgwirizano: kuti adzaone okha mmene bokosilo lakhomedwera, kuti podzatuluka ndidzatseke mabowo ndi simenti, ndiponso kuti chaka chilichonse ndiziwaonetsa laisensi yatsopano. Mfundo zimenezi zinandipatsa mtendere kuposa mmene kuvomera kwachangu kukanandipatsira.

Ndisanapereke ndalama ndinabweranso kawiri, kamodzi usiku, kuti ndione mmene deralo limakhalira dzuwa likalowa. Ndinapeza kuti anthu a mzere umenewo amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi zolipira achitetezo oyendera usiku, nyumba iliyonse ili ndi wezulo, ndipo polisi ya Kanengo sili kutali. Mayi wogulitsa tomato pakona anandifunsa kuti ndikufuna yani ndisanayende ngakhale mtunda wa nyumba zitatu, ndipo zimenezo zinandisangalatsa, chifukwa dera limene mlendo amafunsidwa ndi lovuta kwa wakuba. Kwa ine zimenezi zinali zofunika kuposa kutalika kwa mpanda.

Tisanasamuke ndinapita kupolisi ku Kasungu kukawadziwitsa kuti ndikusintha malo okhala ndi kufunsa zoyenera kuchita panjira, pakuti safunsa anadya phula, ndipo nditafika kuno ndinakadzionetsanso. Mfutiyo sinakwere lole ya katundu pamodzi ndi anyamata onyamula. Ndinaimasula mpope kuusiyanitsa ndi thabwa lake, ndinaikulunga m'bulangete, zipolopolo ndinaziika m'chikwama china, ndipo mapepala onse anali pampando wa kutsogolo pa ulendo wonse wa pamsewu wa M1, makilomita pafupifupi 130. Bokosi lachitsulo ndinalikhoma ndekha Loweruka, ana atapita kwa azakhali awo. Aphunzitsi aja anabwera madzulo, analigwira ndi manja awiri n'kulikoka ndi mphamvu zawo zonse, ndipo litakana kusuntha anangoti: "Makiyi musamawasiye pamodzi ndi a galimoto."

Tsopano papita miyezi isanu. Bokosilo ndalitsegula kawiri kokha, kupaka mfutiyo mafuta kuti isachite dzimbiri. Mwana wanga wamkulu, wa zaka zisanu ndi zinayi, amadziwa kuti kachipinda kaja salowamo, ndipo ndinamuuza kuti akadzaona mfuti kwina kulikonse asadzaigwire koma adzaitane munthu wamkulu. Komabe funso la mayi a ku Area 49 silinandichoke. Ku Kasungu mfutiyi inali ndi chifukwa chokhalira pakhomo, pakuti munda unali pafupi ndipo nguluwe zinali zenizeni. Kuno ndikuisunga chifukwa thabwa lake linasalala ndi dzanja la bambo anga, ndipo ndikuvomereza kuti chifukwa chimenechi n'cha mumtima mwanga chabe. Mwezi wamawa banja lathu likumana kumudzi pokonza manda, ndipo ndauza kale amalume kuti ndikufuna tikakambirane ngati ndi bwino kuti mfutiyi ilembedwe m'dzina la msuweni wanga amene akulimabe munda uja, kapena tiipereke kupolisi.