Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Dimba la mayi a nyumba

Mu gawo lapita ndinakusiyani ndili ndekha m'kanyumba kaja ka lendi ku Chibavi, ntchito itatha, akazi anga ndi ana nditawatumiza kumudzi ku Ntcheu chifukwa chakudya chinkavuta. Unali mwezi wa June, chaka cha 2022. Amene munakhalapo ku Mzuzu mukukudziwa kuzizira kwa kuno. Nkhungu imagona m'madambo mpaka dzuwa litakwera, kamvula kowaza sikakata, zovala ukachapa zimatha masiku atatu pachingwe.

Tulo tinkandithawa cha m'ma 3 koloko usiku, n'kumangoyang'ana malata mpaka kucha. Nsima inkaumira m'mbale. Foni ikalira ndinkangoiyang'ana mpaka isiye yokha. Ine amene sindinkaphonya Moyale Barracks ikamasewera pa Mzuzu Stadium, ngakhale zigoli sindinkafunsanso. Choopsa kwambiri, mumtima munayamba kubwera mawu akuti ana anga angakhale bwino ine kulibe.

Anzanga anayesetsa, aliyense ndi mankhwala ake. Wina anati ndizimwa tiyi wa lemon grass wothira jinja, wina anabwera ndi ufa wa cham'mwamba woti ndizithira m'phala. Zinkanditenthetsa m'thupi, sindikana, koma mtolo wa mumtima unali pomwepo. Wina anati kachasu pang'ono amagonetsa. Amagonetsadi maola awiri, kenako umadzuka pakati pa usiku maganizo atachuluka kuposa dzulo, ndalama ya ufa itapitanso. Alamu anga a ku Johannesburg anatumiza botolo la makapisozi a zitsamba otchedwa St John's wort. Za botolo limeneli ndinena kutsogoloku.

Amene anandidzutsa ndi mayi a nyumba, eni ake a kanyumba ka lendi kaja, mayi wachikulire wa Chitumbuka amene anali ndi dimba kumunsi, kudambo. M'mawa wina anagogoda.

"Mwawuka uli, dada? Msana wandigwira. Tandithandizani kuthirira, mpiru wanga ufota."

Kukana munthu wamkulu ataima pakhomo n'kovuta. Ndinavala jekete n'kuwatsatira, mumtima ndikudandaula.

Dimbalo ndimaliona mpaka lero ndikatsinzina. Kachitsime kosaya pakona, nthochi zitatu, mabedi a mpiru, repu ndi tchayinizi. Ukamiza kheni m'madzi a June zala zimachita dzanzi. Kheni yoyamba ndinanyamula ngati chilango. Pofika ya khumi jekete ndinali nditaikoleka pa nthochi, thukuta lili kamukamu. Kenako nkhungu inayamba kung'ambika, dzuwa n'kundiwomba kumsana, madontho ali ngwee pamasamba. Kwa kanthawi ndithu m'mutu mwanga munalibe china koma kuwerenga makheni. Mayi aja sanandifunse kuti chikundivuta n'chiyani. Anangotulutsa mbatata yophika m'kansalu, n'kunyema pakati. Ndinadya yonse, koyamba patapita masabata kumva kukoma kwa chakudya. Pobwerera anandipatsa mtolo wa mpiru, ndiye ndinachita kuyatsa mbaula kuti usawonongeke.

Mawa lake anagogodanso. Mkuja chimodzimodzi. Pang'ono ndi pang'ono tsiku langa linapeza mutu ndi mchira: kudzuka nthawi imodzi, dimba, kusamba, kudya. Kutauni ndinasiya kukwera sakaramento, njinga za kabaza za kuno, ndinkayenda wapansi. Thupi likatopa ndi ntchito, tulo timabwerako. Mowa ndinausiya, foni ndinkaithimitsa 9 koloko usiku. Lamulungu mayi aja ankandikokera kutchalitchi, ndipo ngakhale sindinkaimba, kukhala pabenchi pakati pa anthu kunali kosiyana ndi kukhala pamphasa ndekha.

Koma ndisakunamizeni, mawu oipa aja sanathe. Ankangodikira usiku. Patatha mwezi, tikuzula udzu m'mabedi, mayi aja anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, manja anu abwerera, koma maso anu sanabwerere. Pitani kuchipatala cha St John of God."

Ndinakwiya. Ndinati kumeneko n'kwa amisala. Iwo anati, "Malungo mumapita nawo kuchipatala, nanga awa alakwa chiyani?" Ndinakhala sabata yathunthu ndikulimbana nazo, kenako ndinapita, chipewa nditatsitsa kuti wondidziwa asandione.

Adokotala amene ndinawapeza anandifunsa za tulo, za kudya, za mowa, ndipo anandifunsa mosapsatira ngati ndinaganizapo zodzipha. Ndinalira, mwamuna wamkulu, chifukwa palibe anali atandifunsapo. Anandifotokozera kuti munthu akatha masabata awiri kapena kuposa ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene ankakonda zosamusangalatsanso, amenewo ndi matenda okhumudwa, osati ulesi kapena kulodzedwa. Anati bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lapansi ali nawo. Anandipatsa mapiritsi, n'kundichenjeza kuti amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito, ndisawasiye panjira. Anandipatsanso tsiku lokaonana ndi mlangizi.

Nditawaonetsa botolo la alamu lija, anati ndisayerekeze kuliphatikiza ndi mapiritsiwo. St John's wort akaphatikizana ndi mankhwala a matenda okhumudwa akhoza kumudwalitsa munthu koopsa, ndiponso amafooketsa ma ARV ndi mapiritsi olera. Ndikulemba izi dala, chifukwa ambirife tikangomva kuti ndi zitsamba timaganiza kuti sizingapweteke. Ndipo ngati inu mukuwerenganu mawu aja akukubwererani usiku, musadikire dimba kapena tiyi. Uzani munthu lero, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi.

Za dimba adokotala anamwetulira. Anati malangizo a zaumoyo amati munthu wamkulu azigwiritsa thupi ntchito mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye ine ndi makheni anga ndinkapyola kutali. "Chimenecho musasiye, ndi mbali ya mankhwala anu."

Madzulo ake ndinagula mayunitsi pa kaokala ka pafupi ndi nyumba. Panali patatha masabata asanu ndisanawayankhe mayi a ana anga. Foni inalira kawiri, n'kumva mawu awo: "Bambo ake, muli moyo?" Zimene tinakambirana usiku umenewo, ndi mmene nkhani ya chipatala anailandirira kumudzi, ndidzakuuzani mu gawo 10.