Kabudula wothina pa msewu wa ku Namiasi

Tsiku loyamba limene ndinatuluka m'nyumba nditavala kabudula wothina wa opalasa njinga, apongozi anga, amene anali atabwera kudzationa kuchokera ku Namwera, anali akusesa pabwalo m'bandakucha. Anandiyang'ana kamodzi kokha, kenaka anatembenukira ku mtengo wa mango n'kuyamba kusesanso malo amene anali atasesa kale, ndipo moni wanga anauyankha nkhope ili kumbali. Nditabwerako, mkazi wanga anandiitanira kuchipinda n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Bambo a mwana, mayi akufunsa ngati nsalu inathera panjira kwa telala." Tinaseka tonse awiri, koma ine ndinadziwa kuti uthenga wafika, pakuti mkamwini amene wachititsa apongozi ake kuyang'ana kumbali amakhala kuti wapalamula, ngakhale palibe amene angamutengere kubwalo.

Njingayo sindinaigule chifukwa cha mpikisano. Ndimagwira ntchito ya mu ofesi pa boma la Mangochi pano, ndipo kwa zaka zambiri thupi langa linkangosuntha kuchoka pampando wina kupita pampando wina. Ngakhale ulendo wochoka pamsika kufika pa chipilala cha wotchi pafupi ndi mlatho ndinkaitanira kabaza, masana n'kudya tchipisi cha pachiwaya chothira mchere wambiri, madzulo nsima yosawerenga mitanda. Tsiku lina atandiyeza kuchipatala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kupitirira 140 pa 90, pamene achipatala amayambira kunena kuti munthu ali ndi BP. Sindinali ndekha m'gulu limenelo, chifukwa kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sankalandira mankhwala alionse. Dokotala anandiuza kuti ndichepetse mchere ndiponso ndiziyendetsa thupi, ndipo muyeso umene WHO imalangiza munthu wamkulu ndi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera opumitsa munthu mofulumirirapo koma osamulepheretsa kuyankhula. Kuthamanga kunandikana chifukwa cha mawondo, choncho ndinasankha njinga yakapalasa.

Pano mimba ikatuluka anthu amakuyamikira kuti ntchito ikukuyanja, ndipo ukayamba kuphwa amayamba kunong'onezana, chizolowezi chimene chinatsalira kuyambira zaka zimene Edzi inkatenga anthu ambiri mankhwala otalikitsa moyo asanafike. Mlamu wanga anachita kunditengera pambali kudzandifunsa ngati zonse zili bwino m'thupi.

Koma chimene chinandiphunzitsa zambiri ndi msewu weniweniwo. Aliyense amene anaimapo pa mlatho wa Bakili Muluzi dzuwa likutuluka amadziwa kuti njinga kuno ndi khasu la munthu. Zimaoloka Shire zitasenza matumba a makala atatu kapena anayi, mitolo ya nkhuni, madengu a usipa, mbuzi yomangidwa miyendo, mwinanso wodwala wopita kuchipatala atagwira mchiuno mwa womupalasa. Anyamata a kabaza amakwanitsa mphindi 150 zija tsiku limodzi lisanathe, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene amatcha zimenezo masewera olimbitsa thupi. M'mawa wina, ndikulowera msewu wa ku Monkey Bay, mmodzi wa iwo anandiyandikira ali wopanda kasitomala, tikupalasa mbali ndi mbali, n'kundifunsa kuti, "Bwana, ulendo wa kuti?" Ndinati wa ku Namiasi. Anafunsanso chimene ndikukatenga kumeneko, ndipo nditamuuza kuti ndikungokatembenuka n'kubwerera, anayang'ana kumbuyo kwa njinga yanga kumene kunalibe kaliyala, n'kupukusa mutu. "Mphamvu zimenezo mukadandibwereka ine, bwana, ndikanagula ufa," anatero akukhotera kusiteji. Kuyambira tsiku limenelo ndinazindikira kuti kuseka kumene ndimakumana nako pamsewu si kwa kabudula yekha. Anthu amasekanso munthu amene ali ndi chakudya chokwanira moti akuchita kudzuka usiku kuti akachitaye m'thukuta, ndipo kabudulayo amangolengeza kuti munthuyo ndi ameneyu.

Komabe kabudula uja sindinamugule kuti ndidzionetse. Miyezi yoyamba ndinkapalasa nditavala thalauza wamba, ndipo ulendo ukapitirira ola limodzi, msoko wapakati pamiyendo unkandikhula pachishalo mpaka khungu kusupuka, thukuta n'kumalowa pachilondapo ngati tsabola. Mawa lake ku ofesi ndinkakhala chammbali pampando, anzanga n'kumaganiza zina. Kamodzi mwendo wa thalauza unakodwa m'tcheni ndipo ndinagwera m'mchenga wa m'mphepete mwa msewu pamaso pa ana asukulu. Kenaka tsiku lina ndikusanthula mulu wa kaunjika pamsika ndinapeza kabudula wakuda wotamuka, wokhala ndi kasiponji kosokerera mkati, amene wogulitsayo ankamutcha thewera la akuluakulu ndipo anandigulitsa motchipa chifukwa palibe amene ankamufuna.

Chovala chimenechi chili ndi nzeru yake. Kasiponji kaja kamafewetsa malo amene mafupa a m'matako amatsamira pachishalo, ndipo kamakuta misoko kuti isakhudze khungu. Kuthinako cholinga chake n'chakuti nsalu iziyenda limodzi ndi thupi, chifukwa nsalu yotayirira imapindika n'kumakhula khungu pa kupalasa kulikonse, ndipo munthu amapalasa kambirimbiri pa ola limodzi. Nsaluyo simwa thukuta n'kulisunga monga imachitira ya thonje, koma imalitulutsa kuti liume ndi mphepo. Ulusi wake wotamuka, umene ambiri amaudziwa ndi dzina la Lycra, anaupanga Joseph Shivers ku kampani ya DuPont ku America m'chaka cha 1958, ndipo usanafike m'masewerawa opikisana pa njinga ankavala makabudula a ubweya wa nkhosa osokerera chikopa chofewa mkati. Pali mfundo ina imene sindinaiuze apongozi ndipo sindidzaiuza, yakuti kabudulayu amavalidwa popanda wamkati, apo ayi misoko ija yabwereranso, ndipo n'chifukwa chake ayenera kuchapidwa ulendo uliwonse.

Anthu okonda zovalazi amatchulanso za mphepo, ndipo sanama, popeza liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imene mpweya umakukankhira nayo m'mbuyo imawirikiza kanayi. Kwa amene amapikisana ku Tour de France pa liwiro la makilomita 40 pa ola, malaya okupiza ndi mdani weniweni. Ine ndimayenda theka la liwiro limenelo, ndipo ndingakhale wabodza nditanena kuti ndimavala zothina pofuna kudula mphepo. Nthawi yokha imene ndimaimva nkhaniyi m'thupi ndi m'miyezi ya June ndi July, pamene mwera ukuomba kuchokera kumwera: popita ku Namiasi umandikankha kumsana n'kumadziona ngati mnyamata, koma pobwerera ku boma umandimenya pamaso, malaya n'kufufuma ngati thanga la bwato.

Chimene chinandisinthitsa maganizo ndi maliro. Loweruka lina ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinatsika panjinga, ndinavula chisoti n'kuyamba kuikankha. Siwa inali m'mphepete mwenimweni mwa msewu, amayi atakhala pansi mbali ina atafunda zitenje, abambo mbali ina, ambiri a iwo atavala mikanjo ndi zisoti zawo zoyera. Munthu ukakhala pachishalo utawerama, ukudutsa mofulumira, palibe amene amaona zambiri, koma ukatsika n'kuyenda wapansi pang'onopang'ono pakati pa anthu olira, kabudula uja amaulula chilichonse chimene Mulungu anakupatsa. Mtunda wake unali waufupi, koma sindinayendepo ulendo wautali chotero. Palibe amene ananditukwana. Bambo wina wachikulire amene anakhala kumapeto kwa benchi anangondiyankha moni mwaulemu, kenaka anawonjeza motsitsa kuti, "Mwana wanga, thupi ndi lanu, koma maso ndi athu."

Ndakhala ndikuganizira mawu amenewo, ndipo ndikuona kuti mkuluyo sanalakwe. Anthu a kuno sadana ndi thupi la munthu wogwira ntchito, chifukwa kugombe asodzi amakoka makoka ali ndi kabudula yekha, chifuwa chili pamtunda, ndipo pabwalo la mpira anyamata amathamanga ntchafu zili poyera anthu n'kumawaombera m'manja. Chovala chilichonse chili ndi malo ake. Vuto la wopalasa njinga n'lakuti bwalo lake ndi msewu wa aliyense, umene umadutsa pamsika, pamzikiti, patchalitchi ndi pasiwa. M'boma lino, limene anthu ake ambiri ndi Asilamu, mwamuna amaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kubisa thupi kuchokera pamchombo kufika m'mawondo, ndipo Akhristu a kuno nawonso salekana nazo kwenikweni zimenezi. Choncho ndinagula kabudula wina wotayirira wofika m'mawondo, amene ndimavala pamwamba pa wothinayo, monga amachitira ambiri opalasa njinga m'mapiri kumayiko ena. Kasiponji kakugwirabe ntchito yake mkatimo, ndipo chimene ndataya ndi kupepukidwa pang'ono basi, ngakhale kuti mu October ndi November, kutentha kukapitirira madigiri 35, nsalu yachiwiriyo ndimaimva ndithu.

Kwa ine nkhaniyi inatha motchipa chotero, koma kwa amayi siitha choncho, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi ena mwa amene amalankhula za ulemu. Dziko lino linakhalapo ndi lamulo la m'chaka cha 1973 loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, limene linathetsedwa mu 1993, koma mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pamsewu chifukwa cha zovala zomwezo, mpaka amayi anachita msonkhano waukulu ku Blantyre wodzudzula mchitidwewo. Lamulo linachoka m'mabuku, koma m'mitu ya anthu ena likadalimo. Mkazi wanga ndi anzake awiri anayamba kuyenda ndawala m'mawa, atavala mataiti mkati ndi chitenje pamwamba, ndipo ngakhale anadziphimba chotero, anyamata ena a pasiteji ankawaimbira malikhweru ndi kuwaponyera mawu amene sindingawalembe pano. Mmodzi mwa atatuwo anasiya sabata yachiwiri. Bambo wa pamaliro uja anandilangiza ine ndipo ndinapindula, pamene anyamatawa sankalangiza munthu, ankangosangalala ndi kuchititsa manyazi amayi a msinkhu wa amayi awo. Chondipweteka n'chakuti kafukufuku wa 2009 uja anapezanso kuti kunenepa kopitirira muyeso kunali kochuluka pakati pa amayi kuposa abambo, kutanthauza kuti amene tikuwathamangitsa pamsewu ndi omwewo amene msewuwo ukanawathandiza kwambiri. Ndipo amene anaonapo chitenje chitakulungidwa m'masipoko a tayala lakumbuyo, mayi n'kugwa ndi mwana kumsana, sangatsutse kuti taiti kapena thalauza pansi pa chitenje chomangidwa mokwezeka ndi chitetezo.

Masiku ano ndimapalasa katatu mkati mwa sabata. Ndimadzuka kumzikiti akamaitanira anthu ku swala ya m'bandakucha, ndimanyamuka kukangoyera, ndipo ndimabwerako dzuwa lisanapse. Loweruka ndimaoloka mlatho kulowera msewu wa ku Namwera, n'kukwera chitunda cha Chowe mpaka pamene miyendo yakanira, ndipo kawirikawiri imakana msanga. Pali masabata amene ulesi umandigonjetsa, ena mvula, ena minga yobaya chubu. Mnzanga wina wa ku ofesi anayamba ndi kugula zovala zonse, malaya a mitundu yowala, magalasi ndi magolovesi, koma njinga yake yakhala ikuyanikidwa matawulo kuyambira mwezi wachiwiri. Akanandifunsa ndikanamuuza kuti ayambe ndi chisoti choteteza mutu ndi mabuleki ogwira, popeza msewu wa ku Monkey Bay timalimbirana ndi maminibasi, njinga zamoto ndi mbuzi, ndipo kabudula wothina adzamufuna yekha tsiku limene ulendo wake udzapitirire ola limodzi.

Apongozi anabweranso mwezi wathawu. M'mawa ndikutulutsa njinga, nditavala makabudula anga awiri, anandiyankha moni akundiyang'ana kumaso, ndipo kabudula wothina amene mkazi wanga amamuyanika kuseri kwa bafa sanamutchule n'komwe. Madzulo ake uthenga unadzeranso kwa mwana wawo, wakuti popeza bambo amapita kufupi ndi nyanja m'mawa uliwonse n'kubwerako chimanjamanja, kodi sangawatengereko usipa wouma woti akapite nawo ku Namwera? Mawa lake ndinapita kwa wokonza njinga wa pansi pa mtengo pafupi ndi msika, ndipo anandimangira kaliyala.