Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Timibulu ta pa Chidendene cha Achimwene

Pepani kuti ndakhala chete milungu itatu. Gawo lino ndinalilemba n'kulifufuta kawiri. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali, makamaka mayi a ku Petauke amene munati munagwetsa misozi powerenga za tsiku limene amayi anandiperekeza kukakwera basi ya ku Lusaka. Zikomonso ana asukulu a udokotala a ku Ridgeway, ku Lusaka, ndi ku Ndola amene mwakhala mukundifunsa chimene ndinatanthauza ponena kuti phunziro la ma lipoprotein, timitolo tonyamula mafuta m'magazi, linandisowetsa tulo pamene inenso ndinkaphunzira udokotala. Lero ndikuyankhani, koma tiyambe tabwerera ku Kapata, ku Chipata, kwa achimwene.

Amene munawerenga gawo 4 mukuwakumbuka. Munthu wamtali, wowonda, wonyamula matumba a chimanga ndi mtedza pa njinga kuchokera kumidzi kubwera nawo m'tauni. Fodya sankasuta, mowa ankalawa pa Nc'wala pokha. Chimene sindinakuuzeni ndi nsapato zawo. Nsapato iliyonse imene anagula ankaiponda kumbuyo kapena kuidula ndi mpeni, chifukwa pa mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene panali timibulu tolimba timene tinkakhulana ndi nsapato. Tina tinali pa mfundo za zala za m'manja. Sitinkapweteka. Tonse tinkati ndi zipsera za kupalasa njinga.

Unali mwezi wa June, kukuzizira, ine ndili ndi zaka 17, iwo 38. Alamu, akazi a achimwene, anali atadzuka kale mbandakucha kukazinga vitumbuwa vokagulitsa ku msika. Ndinamva achimwene akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo, otsika ngati a munthu wosenza katundu. Ndinawapeza atakhala pakhonde, dzanja pachifuwa, malaya atanyoweratu ndi thukuta m'kuzizira konse kuja. Anati, “Iwe, ndipatse madzi, chilungulira chandigwira.” Alamu anasungunula soda m'kapu, iwo anamwa, n'kusanza. Kenaka anati dzanja lamanzere lachita dzanzi, nsagwada zikuwawa. Ine ndinawasisita msana. Ndinasisita nthawi yaitali, ndikukhulupirira kuti mpweya ukatuluka apeza bwino. Kamwana kakang'ono kanali kataima pakhomo ndi chitumbuwa m'manja, osadya, kakungoyang'ana atate ake.

Pamene tinapeza galimoto ya anansi dzuwa linali litatuluka. Ndinakhala kumbuyo, mutu wawo uli pa miyendo panga, mapazi awo opanda nsapato atatsamira chitseko. Ndikukumbuka kuti maso anga anali pa timibulu tija, chifukwa nkhope yawo ndinkaopa kuiyang'ana. Anandifinya dzanja kamodzi, mwamphamvu, kenaka dzanja lija linalemera. Ndinapitiriza kuwalankhula mpaka pa geti la chipatala. Ndinawauza kuti tafika, kuti atsike.

Titaika maliro, akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango ndipo amalume anaimirira. Anati munthu wa mphamvu chonchi, wosadwalapo ngakhale mutu, safa ngati nkhuku ya chitopa. Anati mkazi uyu wakhala akum'mwetsa mwana wa mlongo wanga saladi, mafuta ophikira aja, m'mawa ndi madzulo mpaka mafuta am'tseka mtima, ndipo ngati si saladi ndiye kuti muli china chimene ankathira mu ndiwo. Alamu anagwada, chitenje chili kumutu, n'kungoti, “Amalume, ine ndinkaphika chimene tonse tinkadya.” Palibe anawayankha. Njinga ndi malata anatenga amalume. Alamu anauzidwa kuti abwerere kwawo cha ku Chadiza ndi ana awo awiri. Ndipo amene ananyamula chiwaya chawo ndi mbaula kukaziika pamsewu ndinali ine. Anandituma, inde, koma mumtima ndinkakhulupirira zimene amalume ananena. Alamu polandira chiwayacho anandiyang'ana n'kunena kuti, “Zikomo alamu, mukalimbikire sukulu.”

Zinadutsa zaka 6, ndipo za mayeso ndi njala ya ku Lusaka munaziwerenga kale.

M'mawa wa phunziro lija la ma lipoprotein, ku sukulu ya udokotala, aphunzitsi anayamba ndi funso. Aliyense amene anatsukapo mbale ya nyama ya nkhumba ndi madzi ozizira amadziwa kuti mafuta ndi madzi sizigwirizana, ndipo magazi ndi madzi. Nanga mafuta amene mwadya amafika bwanji ku mnofu wa mwendo osayandama m'mitsempha ngati pamwamba pa msuzi? Ana asukulu, apa tcherani khutu, ndikufotokozerani monga ndimafotokozera amene amabwera kudzaphunzira pa wodi yathu.

Ulendo umayambira m'matumbo aang'ono. Ndulu, imene chiwindi chimapanga n'kuisunga m'kathumba kaja timasamala kuti tisakaboole potumbula nkhuku, imagwira ntchito ngati sopo, imamwaza mafuta kukhala timadontho. Lipase, chodulira mafuta chochokera mu kapamba (pancreas), amadula triglyceride, amene ndi mafuta enieniwo, kukhala tizidutswa totchedwa ma fatty acid ndi monoglyceride, ndipo zidutswazi zimalowa m'maselo a khoma la matumbo. M'menemo zimalumikizidwanso n'kumangidwa pamodzi ndi cholesterol, mtundu wina wa mafuta, mu mtolo wotchedwa chylomicron, mafuta mkati, kunja chikuto cha phospholipid ndi puloteni yotchedwa apoB-48. Mtolowu ndi waukulu, sungalowe m'timitsempha ta magazi ta m'matumbo. Choncho pamene shuga ndi ma amino acid akulunjika ku chiwindi kudzera mu mtsempha wa magazi wotchedwa portal vein, chylomicron imalambalala, imalowa mu lymph, madzi a m'thupi oyenda m'timitsempha tawotawo, imakwera njira yake yaikulu yotchedwa thoracic duct chifuwa chonse mpaka kukatsanulidwa m'magazi m'munsi mwa khosi kumanzere, pamene mitsempha iwiri ya magazi, subclavian vein ndi internal jugular, imakumana. Timitsempha ta m'matumbo tonyamula mafutawa anationa Gaspare Aselli, dokotala wa ku Italy, mu 1622 atatumbula galu amene anali atangodya kumene, ndipo tinali toyera ngati mkaka. Inunso mudzauona mkakawo mu labu mukatenga magazi a munthu amene wangodya chakudya chonona. N'chifukwa chake pofuna kuyeza triglyceride bwinobwino timauza wodwala kuti abwere m'mawa asanadye.

Chylomicron ikalowa m'magazi imakhala ngati ngolo yodzaza imene ikutsitsa katundu khomo ndi khomo. Wotsitsa katunduyo ndi lipoprotein lipase, amene amakhala pa makoma a timitsempha ta m'minofu ndi m'malo osungira mafuta, koma sagwira ntchito mpaka puloteni ya pa ngoloyo yotchedwa apoC-II itamudzutsa. Ngolo ikapepuka, chotsalacho chiwindi chimachizindikira ndi puloteni ina, apoE, n'kuchimeza. Mpaka apa ndi nkhani ya mafuta a m'mbale.

Chimene ambiri kumudzi sadziwa, ndipo ine sindinkachidziwa, n'chakuti cholesterol yambiri ya m'thupi sichokera m'mbale, thupi limapanga lokha, makamaka m'chiwindi. Ndipo imafunika, chifukwa ndi imene imalimbitsa zikuto za maselo, ndi imene thupi limapangira ndulu, vitamini D ndi mahomoni monga cortisol, oestrogen ndi testosterone. Chiwindi chimatumiza ngolo zakezake, VLDL, zokhala ndi apoB-100. Lipoprotein lipase yemwe uja akatsitsamo triglyceride, VLDL imasanduka IDL, kenaka LDL, kamtolo kakang'ono kodzaza cholesterol. LDL imazungulira masiku awiri kapena atatu mpaka chogwirira chake, LDL receptor, chitaikola pa apoB-100 n'kuikokera m'selo, ndipo zogwirira zambiri zili pa chiwindi. Za HDL, ngolo inanso, ndingoti imayenda mobwerera, ndipo mothandizidwa ndi mapuloteni otchedwa apoA-I ndi LCAT imatola cholesterol yotsalira m'thupi kuibwezera ku chiwindi kuti ikatuluke ndi ndulu. Pa mayeso kumbukirani kuti apoB-48 ndi chidutswa chabe cha apoB-100, pafupifupi magawo 48 pa 100, ndipo mbali imene receptor imagwira ilibe.

Kenaka aphunzitsi anatchula Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas, ku America, amene anatulukira LDL receptor n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1985. Anati pali mabanja amene mwana amabadwa ndi theka lokha la zogwirira zogwira ntchito, matenda otchedwa familial hypercholesterolaemia, ndipo amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense ali pakati ndi pakati, akhoza kutengera kapena ayi. LDL imachuluka m'magazi kuyambira ukhanda, imalowa pansi pa khoma la mitsempha, imaunjikana chaka ndi chaka, mpaka tsiku lina chotupacho chimang'ambika, magazi amaundana pamenepo, mtsempha wodyetsa mtima n'kutsekeka. Amuna ambiri osalandira mankhwala zimawagwera asanafike zaka 50, kaya ndi onenepa kaya ndi owonda.

Ndiyeno anaonetsa chithunzi. Chidendene cha munthu, ndi mibulu pa Achilles tendon, mtsempha wolimba uja wa kumbuyo kwa chidendene. Anati iyi ndi tendon xanthoma, cholesterol yaunjikana mu mtsempha, mukaiona musadikire china. Cholembera chinandigwa m'manja. Ndinali kumbuyo kwa galimoto ija kachiwiri, ndikuyang'ana mapazi a achimwene. Chithunzi chotsatira chinali cha zikope zokhala ndi timabanga tachikasu, xanthelasma, ndi mkombero wotuwa kuzungulira diso. Nkhope imene inandibwerera inali ya amalume ataimirira pansi pa mango uja, chifukwa timabanga timeneto anali nato chiyambire ndili mwana. Ndinakumbukanso agogo aamuna, atate wa amayi ndi amalume, amene anagwa m'munda wa thonje khasu lili m'manja, anthu n'kumati anawaponyera. Pansi pa desiki ndinavula nsapato n'kudzigwira kumbuyo kwa chidendene. Mtsempha unali wokhuthala kuposa wa mnzanga amene ndinamupempha kuti ndimugwire madzulo ake.

Ndinakayezetsa. Kwa munthu wamkulu timayamba kukayikira matendawa LDL ikapitirira 4.9 mmol/L, ndipo yanga inali pamwamba pa 7, ndili ndi zaka 23, ndikudya nsima ya kapenta ndi repu. Kuyambira pamenepo ndimamwa mankhwala otsitsa cholesterol otchedwa statin tsiku lililonse. Mankhwalawa, amene woyamba wake anaupeza Akira Endo wa ku Japan mu nkhungu, amatsekereza HMG-CoA reductase, puloteni imene chiwindi chimapangira cholesterol, ndipo chiwindi chimasowa cholesterol yopanga chokha, ndiye chimachulukitsa zogwirira n'kuyamba kukoka LDL m'magazi. Amayi nawonso anapezeka nawo, ndipo ali moyo mpaka lero, akulima mtedza wawo wa chalimbana.

Tsono bambo amene munalemba kuti sibwino kuvula akuluakulu pagulu, ndakumvani, ndipo dzina la amalume sindinalitchule ndiponso sindidzalitchula. Koma alamu anavulidwa pamaso pa mudzi wonse, ndiye kuwayeretsa kwake sikungakhale kwa kuseri. Saladi wa mpendadzuwa amene ankakazingira vitumbuwa alibe cholesterol, pakuti cholesterol imapezeka mu zakudya zochokera ku nyama. Sindikuti mafuta okazingira mobwerezabwereza ndi abwino, ndipo mafuta oundana a nyama amakwezadi LDL. Koma chimene chinapha achimwene chinali m'magazi a mbumba yathu, magazi omwewo amene ali mwa amalume. Ndinapita kukawauza mwaulemu, nditakhala pansi, kuti akayezetse. Anati ndapita ku Lusaka kukaphunzira kunyoza. Njinga ija anali atagulitsa kalekale. Mpaka lero sanapepese, ndipo ine sindinaleke kuwatumizira uthenga woti akayezetse, chifukwa ana awo ndi abale anga.

Inu amene mudzakhale madokotala, munthu wa zaka za m'ma 30 akabwera ndi chilungulira ndi thukuta, muganize za mtima. Mugwireni kumbuyo kwa chidendene, muyang'aneni zikope, mufunseni kuti atate ake, amalume ake ndi agogo ake anamwalira bwanji ndiponso ali ndi zaka zingati. Kungomuuza kuti achepetse saladi n'kumubweza kunyumba ndi mlandu wokaupereka kwa amene amaphika.

Kwa alamu kunanditengera chaka china chathunthu kuti ndilimbe mtima. Ndinatsika basi pa Chadiza ndi shuga ndi sopo m'chikwama, n'kuyenda wapansi. Ndinawapeza akusenda mtedza pa mphasa, tsitsi litayamba imvi, chiwaya chomwe chija chitatsamira khoma la khitchini. Anandizindikira ndisanalankhule. Anandiyalira mphasa ina, n'kutuma mwana kuti agwire nkhuku. Ndinagwada, n'kuwafotokozera zonse m'Chichewa chosavuta, za ngolo, za zogwirira, za agogo. Ndinati, “Alamu, munalibe mlandu. Ine ndinanyamula katundu wanu ndikukhulupirira bodza. Ndikhululukireni.”

Anakhala chete nthawi yaitali, manja akupitiriza kusenda. Kenaka anati, “Ndiye mukuti ana angawa akhozanso kukhala nacho?” Ndinati inde, mwina mmodzi, mwina onse, mwina palibe, ndipo ngati achipeza msanga mankhwala amayambika ngakhale mwana ali ndi zaka 8 kapena 10. Anaika lichero pansi n'kuitana mnyamata wamkulu, amene anali ndi zaka 12, mayendedwe ake enieni a atate ake. Anamuuza kuti, “Khala apa, vula nsapato, atate ako aang'ono akuone mapazi.”