Ndinkaimba mlandu netiweki, chikhalirecho wolakwa ndine

Lamulungu madzulo, ku Area 25.

Kapulojekiti kanga ka mitengo ya pamsika kalowa sabata yachisanu ndi chimodzi. Kwa amene mwangondipeza kumene, ndi API ya GraphQL, pulogalamu ya pa seva yoyankha mafunso, yolembedwa pa Node.js, kumbuyo kwake kuli database ya PostgreSQL yosunga mitengoyo. Munthu amafunsa kuti ndowa ya chimanga kapena mulu wa tomato ukupita bwanji kwa Nsungwi, ku Lizulu kapena ku Kawale, iyo n'kuyankha. Vuto linali lakuti kuyankhako inkachita kukoka miyendo, masekondi anayi athunthu. Ine n'kumati ndi netiweki, paja timaidziwa. Mnzanga wina atamva anangoseka. "Achimwene, mukuombezatu apa. Ikani tracing muone ndi maso."

Tracing ndi kutsata pempho paliponse pamene ladutsa n'kulemba nthawi imene latenga. Ndiye ndaika OpenTelemetry, chida cholemba ma trace amenewa, ija inabadwa mu 2019 ataphatikiza OpenTracing ndi OpenCensus. Jaeger, yosunga ndi kuonetsa ma trace, ndayiyendetsa mu Docker pa kompyuta yakale imene imakhala pansi pa tebulo. Ma trace amalowera pa port 4318, ine ndimawaonera pa 16686. Lachisanu usiku wonse mu Jaeger munali mbee! Kenako ndinazindikira kuti fayilo ya tracing iyenera kutseguka Express (yolandira mapempho) ndi pg (yolankhula ndi PostgreSQL) zisanalowe, chifukwa imazikulunga pa nthawi yomwe zikulowayo. Ndinkayiitana mochedwa. Kungowonjezera --require poyatsa seva, basi zinatheka.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi header ija ya traceparent, kachizindikiro koyenda ndi pempho. Ili ngati kabuku ka kuchipatala: pempho lililonse limalandira nambala yake ya zilembo 32, ndipo paliponse pamene ladutsa pamalembedwa span, kuti lafika nthawi yakuti, lachoka nthawi yakuti. Ukatsegula kabukuko umaona pamene wodwalayo anachedwa pamzere.

Nditatsegula langa manyazi anandigwira. Pempho lenilenilo linafika msanga. M'munsi mwake munali timizere ta SELECT, mafunso opita ku database, tambirimbiri, totsika ngati masitepe. Funso limodzi lotenga misika, kenako resolver yanga, kachigawo kokatenga yankho, inkabwerera ku database payokhapayokha pa msika uliwonse, pa katundu aliyense. Zili ngati mwana womutuma kugolosale kukagula mchere, abwere, umutumenso sopo, abwere, umutumenso machesi. Odziwa amati N+1. Ndaika DataLoader, ya ku Facebook ija, imene imasonkhanitsa zofunsazo n'kupita kamodzi. Pano yankho likubwera sekondi isanakwane, masitepe aja atsala atatu.

Dzulo masana magetsi anathima, ndipo atayaka ndinapeza ma trace onse apita. Jaeger ya all-in-one imasunga mu memory ukapanda kuiuza kwina kosungira. Umboni wa manyazi anga unapita nawo, mwina ndi bwinonso. Chinanso: ndikazimitsa seva ndi Ctrl+C, ma span omaliza sankafika, poti amatumizidwa m'magulu. Tsopano ndikuitana sdk.shutdown() isanatseke.

Ndinapezanso kuti funso langa la GraphQL linkalembedwa mu span, ndipo ine poyesa ndinali nditaikamo nambala ya foni ya mayi amene amanditumizira mitengo ya nyemba. Ndachotsa.

Sampling, kusunga ma trace ena okha n'kutaya ena, sindinaigwire. Ogwiritsa ntchito ndi ine ndi mlamu wanga, ndiye ndikusunga trace iliyonse. Loweruka likubwerali ndiyesa Prometheus ndi Grafana, zida zoonera mmene seva ikuyendera, ngati bando ya mwezi uno itsale.