Mmene ndinapezera chipukuta misozi cha makutu anga ku VA

Ndinatuluka usilikali wa dziko la America ndi makutu olira, koma kwa zaka zingapo sindinapite kukadandaula kulikonse, chifukwa ndinkaona ngati n'chipongwe kulirira khutu pamene anzathu ena anabwerako opanda miyendo. Ndinali m'gulu loomba mizinga, ntchito imene m'mabuku a asilikali imalembedwa kuti 13B, ndipo ndinaiphunzira ku Fort Sill, m'chigawo cha Oklahoma. Mzinga wa mamilimita 155 ukalira, phokoso lake limagwedeza ndi chifuwa chomwe. Zotsekera m'makutu tinkapatsidwa ndithu, koma kawirikawiri ndinkazula chakumanzere kuti ndimve lamulo la mkulu wa gulu, ndipo khutu limenelo ndi limene linaonongeka kwambiri.

Kulira kwake kumafanana ndi nyenje za mwezi wa Okutobala kumudzi, kungoti nyenje zanga sizigona. Achipatala amakutcha tinnitus. Amene anandikakamiza kuchitapo kanthu ndi mayi akunyumba, atatopa ndi kubwereza mawu komanso wailesi yakanema yokwezedwa mpaka kumveka panja. Tsiku lina anangoti, "Abambo, mwanayu wakuitanani katatu ali pambali panu, inu osatembenuka. Pitani akakuoneni."

Ndinayambira kwa mlangizi wa bungwe la asilikali opuma. Mabungwe monga DAV, VFW ndi American Legion ali ndi alangizi ovomerezeka amene amathandiza kulemba madandaulo opita ku unduna woona za asilikali opuma, wotchedwa VA, ndipo salipiritsa kalikonse. Choyamba chimene anandichititsa, tisanakambe n'komwe za mizinga, ndi kutumiza fomu 21-0966, yongodziwitsa kuti ndili ndi cholinga chodandaula. Kafomu kameneka kamakusungirani tsiku kwa chaka chimodzi, kotero kuti dandaulo likadzavomerezedwa, ndalama amaziwerengera kuchokera nthawi imeneyo, ngakhale mutatha miyezi mukusonkhanitsa umboni. Anandiuzanso, mosandidzudzula, kuti ndikadabwera chaka chisanathe chitulukireni ntchito, akadawerengera kuyambira tsiku lotsatira limene ndinatuluka. Zaka zimene ndinakhala chete zija zinangopita.

Dandaulo lotere limayima pa zinthu zitatu: kuti vutolo lilipodi lero, kuti kuntchito kunachitika chinthu chotha kuliyambitsa, ndiponso kuti pali chingwe chomangirira ziwirizi. Pepala lotulukira ntchito, DD214, linasonyeza kuti ndinali woomba mizinga, ndipo VA ili ndi mndandanda wa ntchito za usilikali umene umaika ntchito yathu m'gulu la zaphokoso kwambiri, choncho pamenepo panalibe mkangano. Ndinaitanitsanso mapepala anga achipatala, ndipo m'menemo ndinapeza DD 2215, zotsatira za kuyezedwa makutu nditangolowa ntchito, pamodzi ndi ma DD 2216 a zaka zotsatira. Nditawayala patebulo motsatana, ndinaona ndekha mzere wa khutu lakumanzere ukutsika chaka ndi chaka pa 4000 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa liwu), pamalo pamene phokoso limayambira kuononga.

M'mapepala omwewo munalinso chondichititsa manyazi. Pa fomu ya zaumoyo imene ndinadzaza potuluka, funso la vuto la makutu ndinayankha kuti ayi, poopa kuchedwetsedwa ndi madokotala pamene mtima unali kale kunyumba. Mlangizi anandiuza kuti ndisabise, koma ndifotokoze. Ndiye pa fomu 21-4138 ndinalemba m'mawu anga nthawi imene kulirako kunayamba, kuti poyamba kunkabwera tikaomba n'kutha m'mawa mwake, kenako kunakhazikika, komanso chifukwa chimene ndinayankhira kuti ayi. Mayi akunyumba analemba umboni wawo pa fomu 21-10210, ndipo mnzanga wina amene tinali naye pa mzinga umodzi analembanso wake. Zonsezi zinapita pamodzi ndi fomu yaikulu, 21-526EZ, kudzera pa intaneti.

Patapita nthawi anandiitana kukayezedwa, kuyeza koona ngati munthu akuyenera chipukuta misozi, kumene asilikali opuma amangoti C&P. Katswiri wa makutu anandilowetsa m'kachipinda kotsekeka bwino, kachitseko kokhuthala ngati ka firiji, nandiveka mahedifoni ndi kundipatsa batani loti ndizidina ndikamva kamluzu. Kwa munthu wa makutu olira, kachipinda kameneka n'kozunza, chifukwa kukakhala zii nyenje zija zimakula, ndipo umalephera kusiyanitsa kamluzu ka makina ndi ka m'mutu mwako. Ndinamuuza zimenezi, ndipo anasintha kuti kamluzuko kazimveka kodukizadukiza. Ndinatsimikiza mtima kudina pokhapokha ndamvadi, pakuti amabwereza mawu omwewo kangapo, ndipo wongopeka kapena wonamizira ugonthi amaonekera poyera mayankho akayamba kutsutsana.

Gawo lachiwiri ndi limene ndikufuna a kwathu alimvetse. Amakumvetsera mawu 50 achingerezi, afupiafupi, ojambulidwa kale, a pa mndandanda wotchedwa Maryland CNC, ndipo iwe umabwereza limodzilimodzi. Ife amene tinakula ndi Chichewa timasinthanitsa l ndi r osazindikira, kotero kuti ukhoza kumva bwino koma n'kutchula mwina, kapena kumva theka la liwu n'kulephera kulikwaniritsa monga angachitire wobadwira m'Chingerezi. Ndinanena poyambirira pomwe kuti Chingerezi si chiyankhulo changa chobadwa nacho. Malamulo a VA amalola kuti woyeza akatsimikiza kuti mayeso a mawuwa sangadalirike chifukwa cha chiyankhulo, agwiritse ntchito zotsatira za kamluzu zokha. Kwa ine anaona kuti mayesowo ayenda bwino ndipo anawasunga, koma zinali bwino kuti anadziwa asanalembe.

Tinnitus ilibe makina oiyezera, ndiye pamenepo umboni ndi pakamwa pako. Anandifunsa kuti inayamba liti, ili mbali iti, komanso ngati nditasiya usilikali ndinagwirako ntchito yaphokoso kapena kusaka nyama ndi mfuti. Ndinayankha monga ndinalembera, popanda kuonjezera. Woyezayo safunika kulumbira kuti mizinga ndiyo inachititsa. Chimene lamulo limafuna n'chakuti mwayi woti vutolo linachokera kuntchito ukhale theka kapena kuposa, ndipo umboni ukalemera mofanana mbali zonse, amakomera msilikali.

Kalata ya chigamulo inabwera ndi mayankho awiri. Pa tinnitus anandipatsa 10 peresenti pa mlingo wawo wa kulumala, yomwe ndi malire ake, kaya likulira khutu limodzi kaya onse, ndipo m'chaka cha 2024 imeneyi inali madola 171.23 pamwezi, osadulidwa msonkho. Pa kusamva bwino anavomereza kuti kunachokera kuntchito, koma analemba 0 peresenti. Ndinakwiya, poganiza kuti andikana, mpaka mlangizi atandikhazika pansi ndi kundionetsa mmene amawerengera. Amaphatikiza zotsatira za 1000, 2000, 3000 ndi 4000 Hz n'kugawa kanayi, kenako pamodzi ndi zotsatira za mawu zija khutu lililonse limapatsidwa nambala yachiroma kuyambira I mpaka XI, ndipo nambala ziwirizo amazikumanitsa pa tebulo lina. Munthu amene khutu lake linagwa pa mawu okwera okha, linalo lili bwinoko, amathera pa 0 ngakhale akuvutika kumva mwana wake m'chipinda cha anthu ambiri.

Ndikadafuna kutsutsa, ndinali ndi chaka chimodzi chopempha kuti wamkulu wina aonenso fayilo, kapena kukadandaula ku bwalo la apilo la VA, ndipo njira yobweretsa umboni watsopano inalinso yotseguka. Titayang'ana manambala, ndinaona kuti sanalakwitse masamu, ndipo sindinatsutse. Kuvomereza kuja kunatanthauza kuti chingwe chija chamangidwa kale, moti makutu akadzafooka m'tsogolo ndidzangopempha kuyezedwanso, osayambanso nkhani ya mizinga. Chipatala cha VA chinandipatsa makina othandiza kumva mwaulere, ndipo anawakonza kuti azitulutsa kaphokoso konga mvula yowaza, kophimba nyenje zija. Tsiku loyamba kuwavala ndinafunsa mayi akunyumba chimene chinkagogoda m'galimoto, iwo n'kundiuza kuti ndi indiketa, ndipo yakhala ikulira choncho chigulireni.