Zikomo anthu a ku Dzaleka

Ndikuthokoza anthu a ku Dzaleka, kampu ya anthu othawa kwawo m'boma la Dowa, omwe munatisamalira pa chikondwerero cha Tumaini. Chichiyambitsireni Menes La Plume, mlakatuli wa ku Congo, mu 2014, ambirife tinasiya kuona kampu ija ngati malo a misozi yokhayokha. Timapitako kukavina, pakhomo osalipira ngakhale tambala.

Zikomo amayi a ku Congo amene munatigoneka kwanu, m'mawa n'kutidzutsa ndi tiyi ndi chapati chotentha. Zikomo anyamata a ng'oma za ku Burundi. Munalowa m'bwalo ng'oma zili pamutu, mukuziomba uku mukuyenda, fumbi lili koboo, mpaka agogo anga anadzuka n'kuyamba kuvina, ndodo ataiiwala pansi.

Nanunso achimwene a kabaza, munatola foni yanga n'kundisakasaka m'chinamtindi chonse chija. Ndalama munakana. Mulungu akudalitseni.