Lachiwiri, pa shopu ya azakhali ku Bangwe

Lero ndaswera pa shopu ya azakhali. Iwo ali ku Johannesburg, ndipo akhala akundiimbira pa WhatsApp kuti akufuna aziona shopu yawo pafoni ali komweko. Makamera anayi anaikidwa kale, ndipo kabokosi kojambulira, DVR ya Hikvision, kali pamwamba pa shelefu kuseri kwa mabelo a shuga. Kamajambula bwinobwino, koma kuti munthu aone zojambulidwazo ankayenera kuima m'shopumo n'kumayang'ana pa TV.

Ndinatsikira kaye mu Limbe kukagula chingwe cha netiweki, chifukwa kabokosi kameneka kalibe WiFi. Rauta, chipangizo chobweretsa intaneti, ndinanyamula yanga yakale ya 4G, yolowa SIM khadi. Nditafika ndinalumikiza chingwe kuchoka pa rauta kupita kumbuyo kwa DVR, n'kulowa pa Network mu menyu ya DVR, kuchonga DHCP kuti kabokosi kalandire kokha adiresi. Apa panalibe chovuta.

Mkulu wina wokonza mafoni pafupi ndi shopuyo anabwera kudzasuzumira. "Achimwene, tsegulani mapoti pa rauta, 8000 ndi 554, basi zitheka," anatero. Njira imeneyo yotsegula mapoti, omwe ali ngati makomo a pa rauta olowera munthu wakunja, ilipodi, koma imafuna kuti rauta ikhale ndi adiresi yakeyake yoonekera kunja. Pa intaneti ya SIM khadi nthawi zambiri adiresi imodzi imagawidwa kwa anthu ambirimbiri, chimene akatswiri amati CGNAT, ndiye ngakhale utsegule mapoti onse, wakunja sangakupeze. Zili ngati mudadada wa nyumba za lendi wokhala ndi geti limodzi lopanda manambala pa zitseko. Chomwe chimathandiza ndi Hik-Connect, pulogalamu ya Hikvision yoonera makamera pafoni: kabokosi kamadzilembetsa kokha pa seva, ndipo foni imakakapeza kumeneko. Ndinayatsa pa Platform Access, n'kuika nambala yachinsinsi yotsimikizira. Patapita kanthawi mawu oti Offline anasanduka Online.

Apa ndiye ndinachita dala kusathamanga. Kabokosi kamamangirizidwa ku akaunti imodzi yokha, ena amangogawiridwa. Anthu ambiri amasiya woika makamera kuti alembetse pa akaunti yake, ndipo tsiku loti asemphana naye kapena wasintha nambala, mwini shopu amatsala manja m'khosi. Choncho ndinawauza azakhali kuti atsegule akaunti yawoyawo, ndinawatumizira chithunzi cha QR ya kabokosiko, iwo n'kulembetsa, kenako n'kundigawira ine. Pasiwedi yolowera mu DVR nayonso ndinasintha, chifukwa yakale inalembedwa pa kapepala komata pansi pa kauntala, poti aliyense wowerama kutola chenji aone.

Wotchi ya kabokosi inali patsogolo ndi maola 6, ikuyendera nthawi ya ku Beijing. Ndinaibweza pa GMT+2, nthawi ya kuno. Zikuoneka zazing'ono, koma katundu akasowa n'kumafufuza za 10 koloko m'mawa, ungaonere za usiku shopu ili yotseka.

Nkhani yaikulu ndi bando. Kamera iliyonse imatulutsa zithunzi zamitundu iwiri, zowala kwambiri ndi zopepuka. Zopepuka, pa 512 kbps, zimadya pafupifupi 230 MB pa ola. Zowala, pa 4 Mbps, zimadya 1.8 GB pa ola, kamera imodzi yokha. Ndipo bando imadyeka mbali zonse, ya pafoni yawo kujaku ndi ya mu rauta kuno. Ndinawachonderera kuti aziona zopepuka, zowalazo azitsegula pokhapokha akafuna kuona nkhope ya munthu.

"Azakhali, mukuona?"

"Ndikuona mwanawe! Koma mafuta ophikira aja mwawaikiranji padzuwa?"

Mnyamata wogulitsa anangoseka, n'kuyamba kusuntha mabotolo. Pambuyo pake anandinong'oneza kuti, "Akulu, ndiye kuti tsopano n'kukhala pansi komwe ayi?" Ndinamuuza kuti akafunse eni ake.

Cha m'ma 3 koloko magetsi anathima, ndipo pasanathe mphindi foni inalira, azakhali akuti zonse zada. Magetsi akapita, kabokosi, makamera ndi rauta zimazimira limodzi, kujambula komwe kumaima. Zonsezi zimayendera 12V, ndiye ka UPS, kachipangizo kosunga magetsi, kapena batire ya sola ikhoza kuzinyamula. Azakhali ati ndikafunse mitengo mawa ku Ginnery Corner, ndalama atumiza Lachisanu.